Khadi limene ndinalidya kutsidya kwa Chiponde

Abale anga, zimene ndikufuna kukuuzani pano si nthano ayi, ndipo sindinachite kumva kwa munthu. Zinandichitikira ine ndemwe, masana dzuwa likuswa mtengo, ndikuona ndi maso anga awiriwa. Ndakhala nazo mumtima zaka zambiri, mayi anga ondibereka mpaka anamwalira osazidziwa. Sinditchula dzina la munthu aliyense, chifukwa ena anatisiya kale koma ana awo alipo. Amene munakhalako masiku a chipani chimodzi mudziwa nokha kuti sindikunama.

Ndinakulira kum'mawa kwa nyanja, m'boma la Mangochi, pamudzi woyandikana ndi mishoni yakale. Ndinali mnyamata wamanyazi kwambiri, woti munthu wamkulu akandiyang'ana ine ndinkayang'ana zala zanga zakuphazi. Sukulu ndinalekezera sitandade 8 pamudzi pomwepo, koma ndinkalemba mwaukhondo, ndipo chifukwa cha chimenechi ansembe athu ankanditenga kuti ndiziwathandiza kuguwa ndi kulemba m'mabuku a mpingo. Chimene ndinkachiopa kuposa njoka chinali choti munthu andikwiyire. Aliyense ndinkafuna azinena kuti mwana uja ndi womvera.

Achinyamata a lero mwina simungamvetse za khadi, ndiye ndiyambe ndafotokoza. Masiku amenewo munthu aliyense ankayenera kukhala ndi khadi la chipani, lokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, ndipo chaka chilichonse linkatuluka latsopano. Popanda khadilo sukanalowa mumsika, sukanakwera basi. Anyamata a chipani ovala malaya ofiira ankaima pachipata atagwira ndodo, ndipo sankavutika n'kuyankhula, ankangotambasula dzanja, iwe n'kupisa m'thumba. Bambo anga anali msodzi, ndipo tsiku lina anapita ku Mangochi ndi dengu la chambo ataiwala khadi m'kabudula amene mayi anachapa. Anawakhazika padzuwa kuyambira m'mawa mpaka nsomba zija zinayamba kununkha, akuwaimbitsa nyimbo ngati mwana wa sitandade 1, anthu odziwana nawo akudutsa n'kumayang'ana kumbali. Anabwera kunyumba opanda nsomba. Kuchokera tsiku limenelo mayi anasokerera kathumba mkati mwa malaya a aliyense pakhomo pathu, cha pamtima apa, ndipo khadi linkangochokamo pochapa basi.

Nthawi imeneyo ku Mozambiki kunali nkhondo. Tsiku lina kunabwera uthenga kuchokera kumpingo wina waung'ono kutsidya kwa malire, kupitirira Chiponde, wonena kuti papita zaka zitatu osaona wansembe, ana akukula osabatizidwa, akuluakulu akumwalira osalandira Mgonero, ndiye ngati kuli wachifundo abwere ngakhale kwa sabata imodzi yokha. Ansembe athu, bambo wachikulire wovala magalasi okhuthala amene popanda iwo sankaona ndi khomo lomwe, anavomera, ndipo anandisankha ine kuti ndikawanyamulire chikho cha Mgonero ndi kulemba mayina m'buku la ubatizo. Kukana ndikanayambira pati, ine woti chibadwire ndinali ndisanakanepo munthu wamkulu? Ndiponso ndisabise, ndinanyada kuti pa anyamata onse asankha ine kukagwira ntchito ya Mulungu kudziko lachilendo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka mayi anandiitana kuseri kwa nyumba, n'kundigwira pachifuwa kuti amve ngati khadi lilimo. Anati za nkhondo ya kumeneko iwo sakuzidziwa, Mulungu ndiye akandisunga, koma chimene akuchidziwa n'choti safuna kudzamva kuti mwana wawo wakhazikidwa padzuwa ngati bambo ake. Anandilumbiritsa kuti khadilo sindisiyana nalo, zivute zitani, mpaka ndidzabwerere. Ndinalumbira.

Tinakwera lole yokwera mapiri a ku Namwera mpaka kukafika pa Chiponde, ndipo pamenepo tinakumana ndi munthu wotilondolera njira. Anali bambo wina wachisilamu, wamtali, wovala kofiya yoyera kumutu, amene ankachita geni ya usipa wouma n'kumawoloka malire panjinga nkhondo ili mkati. Bamboyo ankatchula ansembe kuti apadili, ine ankanditchula kuti mwanache, ndiko kuti mwana m'Chiyao. Atangotiona anaseka n'kunena kuti awolotsapo mchere, sopo ndi shuga, koma katundu wa padili n'koyamba, ndipo sakudziwa ngati kumeneko ali ndi msika. Ansembe anaseka mpaka kuvula magalasi, koma ine sindinaseke. Kwathu anthu ankanong'onezana kuti munthu wowoloka malire mosavuta chonchi ayenera kuti ndi kazitape, woti chilichonse chimene waona amakachitula kwa akuluakulu a chipani. Ndinangoti mumtima, bambo awa ndichenjere nawo.

Ndi bambo a usipawo amene anatiuza kuti makhadi athu atsale pa Chiponde pomwepo. Anati asilikali a kutsidyako amakhulupirira kuti dziko lathu likudyetsa zigawenga zimene iwo akumenyana nazo, ndiye nkhope ija akangoiona amaona mdani, ndipo munthu wopezeka nayo angayamike Mulungu ngati angomumenya chabe. Ansembe anatambasula kampango kuti aliyense aikepo khadi lake, kampangoko katsale kwa mkulu wa mpingo wa pamalirepo. Uku ansembe akudikira, uku lumbiro la kwa mayi likadali lotentha pakamwa. Ndikanati ndingonena kuti abambo, mayi anandilumbiritsa, mwina nkhani yonseyi sikanakhalapo, koma manyazi anandiletsa. M'kabaibulo kanga munali khadi la chaka chatha limene ndinkaikira chizindikiro powerenga. Ndinalisolola, n'kuliika pakampango paja chozondotsa, ndipo lenileni linatsala pamtima panga. Ndinadziona wochenjera: ansembe akondwa, mayi akondwa, wokwiya palibe.

Tinawoloka ndi kalata ya mpingo komanso chikalata choyendera chimene ansembe anasunga m'chikwama chawo, ndipo zonse zinali m'malo mwake. Ine ndi ansembe tinabwereka njinga pamalirepo, ndipo tinapalasa tsiku lathunthu, mondondozana, matayala athu akuponda ndendende pamene paponda tayala la bambo a usipa, chifukwa anati m'mbali mwa njiramo munakwiriridwa mabomba. Kumudziko tinapeza tchalitchi chopanda denga, makoma akuda ndi utsi, belu lake lili khasu lakutha lopachikidwa pamtengo wa mango. Koma khasu lija litangolira anthu anatuluka m'tchire ngati nyerere, ena atabereka ana, ena atanyamula odwala pamachira, akuimba nyimbo zomwe zija zimene timaimba kwathu, mwakuti ine misozi inangotsika yokha.

Tinakhalako masiku asanu. Ansembe ankabatiza pansi pa mtengo wa mango uja ndi madzi a m'beseni, ana ena aakulu ndithu, oti ankayenda okha kubwera kubeseniko, ndipo ine ndinkakhala pampando wa ndalema, buku lili pamaondo, kulemba dzina la mwana, la bambo ake, la mayi ake ndi mudzi wawo. Tsiku loyamba mphunzitsi wa mpingowo, bambo woonda amene anausunga mpingo zaka zonse zitatuzo, anaima pambali panga akuyang'ana cholembera changa mosakondwa. Anafunsa ansembe ngati kulembako kuli kofunikadi, popeza masiku ano dzina likakhala papepala limatha kupha mwini wake. Ansembe anawalonjeza kuti bukulo lichoka m'manja mwanga n'kukalowa m'kabati ya kumishoni, silidzaonedwa ndi munthu wina aliyense, ndipo anawonjezera kuti mnyamatayu ndi wosamala kuposa wina aliyense amene akumudziwa. Ine ndinawerama mwaulemu, khadi lili phee pamtima.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinanyamuka kubwerera. Dzuwa lili paliwombo tinafika pamtsinje wina wouma, pamene tinayenera kutsika n'kumakankha njinga mumchenga, ndipo tili pakati pa mchengawo udzu wa kutsidya unagwedezeka, n'kutulukamo asilikali, mfuti zitatiloza. Anali ngati khumi, ena ang'onoang'ono ngati ine ndemwe, nsapato zong'ambika, maso ofiira. Ansembe sanatekeseke, anayamba kumasula chikwama kuti atulutse chikalata choyendera chija, chimene chikanatipulumutsa tonse popanda vuto. Koma msilikali mmodzi anali atafika kale pamene ndinaima ine. Anangotambasula dzanja.

Abale, ndifotokoze bwanji kuti mumvetse? Sindinaganize chilichonse. Munthu wa ulamuliro waima patsogolo panga, watambasula dzanja, ndiye dzanja langa linachita zimene linazolowera kuchita pachipata cha msika ndi pokwera basi kuyambira ndili mwana. Linapita lokha mkati mwa malaya, n'kusolola khadi lija, ndipo ndinalipereka ndi manja awiri, nditanyonyomala pang'ono mwaulemu, nkhope ya pakhadipo ili m'mwamba. Ndinazindikira zimene ndachita nditamva bambo a usipa akupuma mwamphamvu kumbuyo kwanga n'kutchula dzina la Mulungu m'chinenero cha kumzikiti.

Mkulu wa asilikaliwo anali munthu wamfupi wa chipsera pamlomo, woyankhula Chipwitikizi, ndipo msilikali wina ankatimasulira m'Chiyao. Analiyang'ana khadilo nthawi yaitali, n'kulavula pansi, n'kuuza anzake kuti aone alendo abwinowa, abwera ndi bwana wawo m'thumba. Anatikhazika pamchenga wotentha, n'kukhuthula katundu wathu yense, ndipo posakhalitsa anapeza buku lija. Atatsegula n'kuona mayina ali m'mizere, mwamuna, mkazi, mudzi, anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene wakhala akufunafuna. Anati tsopano zamveka, awa ndi akazitape, ndipo awa ndi mayina a anthu amene amaphikira zigawenga. Anati lero lomwe atumiza anyamata ake kumudzi kuja ndi bukuli, akaitane mayinawo limodzilimodzi. Ndinakumbukira nkhope ya mphunzitsi uja akuyang'ana cholembera changa.

Ansembe anaimirira, ngakhale anatiuza kuti tisadzuke. Anati bukulo ndi la ana obatizidwa, palibenso china, ndipo za khadilo mnyamatayu asamufunse chifukwa ndi iwo amene anamuuza kuti alitenge. Munthu wa Mulungu ananama pofuna kundiphimba ine! Asanamalize n'komwe, msilikali wina anawamenya ndi thabwa la kumbuyo kwa mfuti pakhutu lakumanzere, ndipo anagwa chammbali, magalasi kugwera uko n'kupondedwa, magazi akutsikira pakolala yawo yoyera. Ine ndinali pomwepo, osatha kunena ngakhale mawu amodzi oti akunama, wolakwa ndine.

Amene anayankhula anali bambo a usipa. Atakhala pansi chomwecho anayamba kucheza ndi mkulu uja ngati ali pamsika, akumutchula kuti bwana mkubwa, ndiko kuti bwana wamkulu. Anati kwathu khadi limeneli mayi woyembekezera amagula awiri, lake ndi la mwana wam'mimba, ndipo mbuzi zikanakhala kuti zimapita zokha kumsika nazonso zikanakhala nalo. Anati amuyang'ane bwino mwanacheyu, kodi kazitape amaoneka chonchi, munthu woti tambala akamuyang'ana amapepesa? Ndi kazitape wanji amene amachita kupereka yekha umboni ndi manja awiri? Asilikali ena anaseka, koma mkulu uja sanaseke. Anabwera pamene ndinakhala, n'kundibwezera khadilo m'manja. Anati ngati khadili ndi lopanda pake monga akunenera bambo a usipawa, ndiling'ambe pakati pa nkhope pomwepo iye akuona, ndipo bukuli atibwezera. Ndikakana, ndiye kuti mtima wanga waoneka, buku lipita kumudzi kuja, ndipo ife tikhala a mumtsinje momwemo.

Mukuganiza kuti ndinang'amba msangamsanga? Munthu aliyense wanzeru akanatero, koma ine zala zanga zinauma gwa. Kwathu munthu wong'amba nkhope imeneyo, kapena kungokulungira nsomba m'nyuzipepala imene ili ndi nkhopeyo, ankatengedwa pagalimoto osadzaonekanso, ndipo abale ake ankaopa ndi kulira komwe. Mfuti inali pafupi ndi mutu wanga, ansembe akutuluka magazi, miyoyo ya mudzi wonse ili m'dzanja la munthu wa chipsera uja, koma ine sindinkayang'ana mfuti ayi. Ndinkayang'ana bambo a usipa. Ndinkaganiza kuti ndikang'amba, tikangowoloka malire akandinenera, ndipo a chipani akadzabwera kudzanditenga adzatenganso bambo ndi mayi. Taonani mmene mantha a kwathu anandilowera m'mafupa, mpaka kuopa mwini nkhope ija amene anali kutsidya kwa malire kuposa imfa imene inali pamphuno panga!

Bambo aja anandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti anawerenga zonse pankhope panga. Sanakwiye. Anavula kofiya yawo, n'kuiphimba kumaso, n'kutembenuka kundipatsa msana. Analumbira kuti wallahi, dzuwali lawapweteka m'maso kuyambira m'mawa, sakuona kanthu, ndipo m'makutu mwawo mwadzaza mchenga, chilichonse chimene chichitike pamtsinje pano iwo akachimva kwa ena. Pamenepo ansembe, ali chigonere pamchenga, anandiitana motsitsa kuti mwana wanga, n'kundiuza kuti m'dzanja langalo muli pepala, koma m'bukumo muli anthu.

Ndinang'amba. Phokoso lake linali laling'ono, koma m'makutu mwanga linamveka ngati mtengo ukugwa. Mkulu uja tsopano ndi pamene anaseka, n'kunena kuti si bwino mlendo kusiya bwana wake m'dziko la eni, ndimutenge m'mimba ndikamufikitse kwawo. Anandidyetsa zidutswa zonse, chimodzichimodzi. Khadilo linali lolimba, lamchere ndi thukuta langa lomwe, pakhosi pali pouma mwakuti ndinkatsamwa misozi ikutuluka, asilikali akuwomba m'manja. Nditameza chomaliza anaponya buku lija pamchenga. Anatilanda njinga zonse zitatu, nsapato zathu ndi chikho cha Mgonero, n'kutiuza kuti tisacheuke.

Tinayenda wapansi opanda nsapato, bambo a usipa patsogolo, ine pakati nditagwira dzanja la ansembe chifukwa popanda magalasi sankaona poponda, buku nditalilowetsa m'malaya, likukhuza kathumba kopanda kanthu kaja. Palibe anandifunsa chilichonse njira yonse, ndipo kusafunsako kunandipweteka kuposa minga. Titafika pa Chiponde ansembe anamasula kampango kaja, n'kundipatsa khadi langa lakale lija osanena mawu. Latsopano anandipezera tisanafike kwathu, tinangonena kuti linalo linagwera mumtsinje, mwakuti mayi atandigwira pachifuwa anapeza lilimo n'kunditamanda kuti ndine mwana wosunga lumbiro. Bambo a usipa, amene njinga yawo inali munda wawo, posiyana nafe anangondisisita pamimba n'kufunsa ngati bwana wakhazikika bwino mmenemo.

Kwa zaka ndithu galimoto ya boma ikalowa m'mudzi mwathu ndinkathawira kumabango, ndikuti bambo aja anena. Sananene. Ndikakumana nawo pamsika wa Mangochi ankangogwira pamimba pawo n'kupsinya diso, basi. Munthu amene ndinamuyesa kazitape ndi amene anasunga moyo wanga m'kamwa mwake mpaka tsiku la imfa yake.

Khutu la ansembe silinamvenso. Nthawi iliyonse ndikamawayankhula ankatembenuza mutu kundipatsa lakumanja, ndipo kutembenuka kumeneko kunkandibaya tsiku ndi tsiku. Patapita zaka zinayi, atapuma ntchito ndipo akudwala, ndinapita kukalapa kwa iwo, koma ndi mantha anga omwe aja ndinagwada mbali yakumanzere, n'kunong'oneza zonse m'khutu lakufalo. Anandisiya mpaka ndinamaliza, kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kunena kuti tsopano ndibwereze mbali ino, chifukwa khutu limene ndauzalo linatsala ku Mozambiki. Ndinabwereza ndikulira. Nditamaliza anandiuza chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anati iwo anadziwa kuyambira pa Chiponde popita, chifukwa pomanga kampango kaja anaona chaka chimene chinalembedwa pakhadi langa. Anafuna kundifunsa, koma ataona mmene ndinkanjenjemerera anachita chisoni kundichititsa manyazi pamaso pa mlendo, n'kungoti zidutsa. Anati ndiye khutuli tinaliphera limodzi, iwe ndi mantha ako, ine ndi chisoni changa, ndipo nawonso anandipempha kuti ndiwakhululukire.

Lero ndikukhulupirira kuti Mulungu anapulumutsa anthu a m'buku lija, osati chifukwa cha ubwino wanga, koma kudzera mwa wansembe amene ananama ndi Msilamu amene anadziphimba kumaso, ndipo za zimenezi sinditsutsana ndi munthu. Ndikukhulupiriranso kuti kumvera kumene kumachokera m'mantha si kumvera ayi, chifukwa ine pofuna kukondweretsa aliyense ndinatsala pang'ono kuphetsa mudzi. Inu achinyamata amene mipingo ikukutumani kunja kukalalikira, ngati pali chimene mwabisa m'malaya, chinenani musanawoloke malire, ngakhale akusekeni, chifukwa kumene mukupitako amene adzalipire bodza lanu ndi anthu amene anakulandirani. Ndipo inu akuluakulu owatsogolera, mukaona mwana akunjenjemera mufunseni pomwepo, manyazi a tsiku limodzi saposa khutu la munthu. Chipani chija chinatha mphamvu kalekale, makhadi anatayidwa, ndipo ine tsitsi layera. Koma mpaka lero munthu wa yunifomu akangonditambasulira dzanja, dzanja langa limayamba lapita pamtima, kukafuna kathumba kamene kulibe.